Kalata yotseguka: bwerani ku Ndirande mudzaone amene ali ndi makina

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zamalonda ndi Mafakitale,
Olemekezeka a Nduna ya Zachuma,
Akuluakulu a bungwe la PPDA loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma,
ndi a Mfumu ya Mzinda wa Blantyre.

Mabwana anga,

Ndiyambe ndi kupepesa kuti kalatayi ikukupezani pagulu. Kwathu nkhani ya akuluakulu siyambira pabwalo, munthu amayamba wagogoda kuseri. Kugogodako ndagogoda mpaka zala kutupa, ndiye ndati mwina mawu akakhala poyera, mmodzi wa inu awatola.

Ndine mwini wokishopu ya zitsulo kumunsi kwa Ndirande, mbali yoyang'anizana ndi Makata. Timawayinda mamota opsa, timasema mashafti pa lathe (makina osemera zitsulo), timawotcherera, timakonza mapampu ndi zigayo. Pa buku la malipiro pali mayina 14, awiri mwa iwo ndi atsikana, wina wowayinda wina wa mu ofesi. Kunja kwa bukulo kuli mayi amene amatiphikira nsima masana, mnyamata wa kabaza amene amatitengera masipeya ku Limbe, ndi mlonda wa usiku amene timasonkherana ndi oyandikana nafe. Inu m'malipoti mwanu mumatitcha ma SME, kutanthauza mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakatikati. Ine ndimangodziwa kuti pa 28 pakakwana, anthu 14 amayang'ana nkhope yanga kuti aone ngati mwezi watha bwino.

Ndikufuna muone kaye ntchito yathuyo, chifukwa tikamakambidwa m'misonkhano ya ku hotela timamveka ngati anthu odikira thandizo, pamene tikuthandiza kale.

Mu Juni, anthu atangokolola, kunabwera bambo wina wa chigayo kuchokera cha ku Lirangwe. Mota anainyamula pa kapikapu kobwereka, atayala masaka pansi. Tisanaitsitse n'komwe, fungo linali litatiuza kale mlandu wake. Vanishi wopsa amanunkha mwa mtundu wake, ukamumva kamodzi suiwala. Bamboyo anati feizi imodzi, ndiye kuti imodzi mwa nthambo zitatu zobweretsa magetsi ku mota, inathawa madzulo, mnyamata wa pachigayo osazindikira, anangopitiriza kuthira chimanga mpaka utsi tolo. Anali atafunsa kale mtengo wa mota yatsopano m'sitolo za ku Limbe, ndipo anati atamva mtengowo miyendo inazizira, anakhala kaye pakhonde la sitoloyo.

Mtsikana wathu wowayinda, amene anaphunzira zamagetsi ku Soche Technical, anatsegula motayo, n'kudula makoyilo akale mbali imodzi, n'kuyamba kuwerenga. Ntchito imeneyi sifuna phuma. Umawerenga kuti waya wazungulira kangati pa koyilo iliyonse, umayeza kunenepa kwa wayayo, umajambula papepala mmene makoyilo alumikizirana. Ukaphonya pamenepo mota idzazungulira ndithu, koma idzatentha ngati mbaula. Kenako umapala mipata yonse, umayala pepala lotchinga magetsi, umakulunga waya watsopano wa kopa, n'kumalowetsa koyilo imodziimodzi ndi kamtengo kosalala kuti usakande wayayo. Ukamanga ndi kuviika mu vanishi, imagona mu uvuni usiku wonse. Tsiku lachinayi bambo aja anabwera kudzaitenga. Analipira pomwepo, ndalama zamakwinya zonunkha gaga, zina kutuluka m'thumba ili zina m'thumba linalo, ndipo anawasiyira anyamata kathumba ka ufa woyera. Sabata yomweyo amayi a midzi ingapo anasiya kusenza chimanga kupita nacho kutali.

Ameneyo ndi kasitomala wa kumudzi, wosadziwa n'komwe liwu loti invoisi. Tsopano ndikuuzeni za kasitomala wamkulu kuposa onse m'dziko muno, amene ndi boma.

Dipatimenti ina, sindiitchula, inatipatsa ntchito yokonza mapampu ndi kupanga mafelemu a mabedi. LPO, chikalata chotilamula kugwira ntchitoyo, inatuluka yosainidwa bwinobwino, chidindo chili pamalo pake. Ndinakatenga ngongole ku banki, chikole n'kuika nyumba imene bambo anga anandisiyira. Tinagwira ntchito milungu 5, katundu tinapereka, iwo anasaina kuti alandira. Ndalama ndinaiona patatha miyezi 11.

M'miyezi imeneyo ndinaphunzira chinenero chatsopano. "Fayilo ili ku akaunti." "Funding sinabwere." "Sisitimu yagwa." "Amene amasaina ali ku msonkhano kunyanja, mubwere Lachiwiri." Benchi ya pakhonde la ofesi ija ndimaidziwa kuposa mpando wa kunyumba kwanga, ili ndi msomali wotuluka chakumapeto umene unanding'ambira buluku. Tsiku lina pabenchipo tinakhalapo atatu: ine, mayi wina wa ku Bangwe wosoka mayunifolomu, ndi mkulu wina wa makina osindikizira mabuku. Tonse Amalawi, tonse olemba anthu ntchito, tonse titasiya ntchito tsiku lathunthu kudzadikira ndalama yathu yomwe. Mayi aja anali atapumitsa kale matelala 4 mwa 9. M'khondemo munkayendayendanso kamnyamata kena, ndipo kanandinong'oneza kuti fayilo ikhoza kuthamanga ngati titaithira mafuta pang'ono. Sindinathire, fayiloyo inayenda ngati nkhono.

Pamene ndalamayo inkafika, sinalinso ndalama yomwe ija. Ntchito tinaigwira kwacha isanatsitsidwe mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo apa n'kuti tisanachire bala la 25 peresenti ya mu Meyi 2022. Waya wa kopa, mabeyaring'i, vanishi, ndodo zowotcherera, zonsezi zimachokera kunja. Ndalama imene pa kotesheni inali ya mipukutu itatu ya waya inagula iwiri. Banki nayo sinagone tulo. Mu 2024 policy rate ya Reserve Bank, chiwongoladzanja chimene mabanki amatsatira, inali pa 26 peresenti, ndipo inu a zachuma mukudziwa kuti ife akunsi kuno timakongola pa chiwongoladzanja choposa pamenepo. Ndiye kuti ine, munthu wa maovolosi, ndinakongoza boma ndalama mwaulere, ndalamayo nditaikongola ku banki modula. Anyamata awiri ndinawapumitsa. Mmodzi ali ku Joni panopa, akuwotcherera mageti a eni ake.

Chimene chimandiwawa n'chakuti lamulo limaluma mbali imodzi. Msonkho wa PAYE ndikapanda kupereka pofika pa 14 mwezi wotsatira, pali chindapusa. Penshoni, 10 peresenti yochokera kwa ine ndi 5 peresenti ya wantchito, iyenera kupita. TEVET levy, msonkho wa maphunziro a luso la manja wa 1 peresenti ya malipiro, iyenera kupita. Sindikutsutsa chilichonse mwa izi, n'zoyenera. Koma ndikatsalira pa msonkho chifukwa boma silinandilipire, satifiketi ya msonkho sindiipeza, ndipo popanda satifiketiyo tenda ina sindingapikisane nawo. Dzanja lamanja landimana, lamanzere likundikwapula chifukwa chosowa. Pamene boma linaganiza zobweza ngongole zake zakale ndi mapepala olonjeza, ma promissory note aja, anzathu ambiri sakanatha kudikira kuti akhwime. Anakawagulitsa ku mabanki pamtengo wotsika, kaphindu konse n'kutsala komweko.

A Nduna a Zachuma, ngati pa kalata yonseyi mungatolepo chinthu chimodzi chokha, chikhale ichi. Ikani malire a masiku olipirira, kaya 30 kaya 60, ndipo akadutsa, chiwongoladzanja chiziyamba kuwerengeka chokha popanda ine kulemba kalata yodandaula. Ofesi isatulutse LPO ngati ndalama yake palibe. Ndipo ngati boma lili ndi ngongole yanga yotsimikizika, izichotsedwa pa msonkho umene ndikuyenera kupereka, tisamachite ngati ndi maboma awiri osadziwana. Chonde musatiyankhe ndi thumba lina la ngongole. Taona SEDOM, taona MARDEF, taona MEDF, taona NEEF, mayina amasintha ngati malaya. Munthu amene kasitomala wake salipira, ukamukongoza ndalama wangomusenzetsa mtolo wachiwiri.

Mapepala abwino tili nawo, sindikana. Mu Malichi 2016 kunakhazikitsidwa Buy Malawi Strategy, ndondomeko yolimbikitsa kugula zopangidwa konkuno, Lachisanu tinkavala malaya a chitenje osokedwa konkuno, tinajambulitsa. Lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma la 2017 linanena poyera kuti pa mpikisano wa m'dziko muno, 60 peresenti ya ntchito za boma izipita kwa Amalawi eni nthaka, 40 kwa ena. Mu 2020 kunabwera lamulo lina lopatula ntchito zina kuti zikhale za mabizinesi ang'onoang'ono. Mu Januwale 2021 munatipatsa masomphenya a chitukuko a Malawi 2063, ndipo mwa nsanamira zake zitatu imodzi ndi ya mafakitale. Tsiku limene ndinamva za 60 peresenti pa wailesi ndinawagulira anyamata zakumwa. Ndinkati yathu yafika.

Inafikira ena. Kunabadwa mtundu wa makampani amene ofesi yawo ndi chikwama ndi foni. Mmodzi wa eni makampani otere anabwera kwathu, galimoto yoyera yopanda fumbi, nsapato zosongoka zimene zinaona zakuda ndi matope a pakhomo pathu. Anali atapata tenda ya madesiki a sukulu mazana angapo. Makina owotcherera analibe ngakhale amodzi, ndipo nditamufunsa kuti akufuna chubu cha geji yanji, anayang'ana pa foni ngati yankho lili m'menemo. Mtengo umene anandipatsa sunkakwana ngakhale chitsulo choyenera chokha. Nditamuuza, anati, "Akulu, ikani chopyapyala, penti abisa." Ndinakana. Anapita kwa mnzanga wina amene njala inali itamupana kuposa ine, ndipo mnzangayo sindimuda. Madesiki otero amatha teremu imodzi, miyendo n'kutang'adza. Kenako m'maofesi mumamveka mawu akuti, "Mwaonatu, Amalawi ntchito satha." Wadya ndi wa chikwama, wonyozedwa ndi wa maovolosi. Anyamata anga akamva liwu loti ma tenda amaseka, amati dzina linalondola, amenewa ndi matenda ndithu.

M'mabuku mwanu tenda imeneyo inalembedwa kuti yapita kwa Mmalawi, ndipo 60 peresenti ikuoneka kuti ikukwana. Palinso ena amene amangobwereketsa dzina ndi chiphaso cha unzika, kampani ili ya munthu wina wosaonekera. Chiphaso sichiwotcherera, mabwana anga. Musanapereke ntchito ya zopangapanga, tumani munthu akaone malo. Akawerenge makina, akatsegule buku la malipiro, akafunse antchito pambali ngati penshoni yawo ikupita. Kuchoka m'tauni kufika ku Ndirande ndi minibasi imodzi. Ndipo inu a PPDA, tiikireni poyera mndandanda woti aliyense awerenge pa foni yake: wapata ndani, mwini wake weniweni ndani, ali ndi antchito angati, walipidwa liti. Mukatero, a zikwama ambiri adzasowa okha popanda kuwathamangitsa.

Chinanso ndi kukula kwa mitolo. Mukamanga madesiki a boma lonse kukhala tenda imodzi, n'kufuna bid security, chikole cholowera mpikisano, ya mamiliyoni, mabuku owerengedwa ndi maodita a zaka zitatu, ndi umboni woti munthu anagwirapo ntchito ya kukula komweko, mwatitsekera kunja tisanafike pachipata. Ndidzagwira liti ntchito yaikulu yoyamba ngati pafunika kuti ndikhale nditagwirapo kale ina? Gawani mitoloyo, mawokishopu 10 atenge pang'onopang'ono, amene wachita bwino chaka chamawa mumuwonjezere.

Pano ndiyankhule mosamala, chifukwa nkhani ya eni nthaka sichedwa kuyaka. Sindikupempha kuti muthamangitse munthu. Dziko lino linayesapo njira imeneyo. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linalamula Amwenye kuti achoke m'malo a malonda a kumidzi, azichitira bizinesi m'mizinda ikuluikulu yokha. Sitolo zambiri zimene anasiya zinasanduka mabwinja, chifukwa amene analowamo analibe mpamba, analibe wowapatsa katundu pangongole, analibe galimoto yokaodera. Mpaka lero ukamadutsa m'malo ena umaona makonde aataliatali aja, zitseko zinachoka kalekale. Ndiponso ndinene chilungamo: pamene boma linkandisunga pabenchi, amene anandipatsa chitsulo pangongole, popanda pepala lililonse, anali mwini hadiweya wina wa ku Limbe amene agogo ake anachokera ku India. Ine ndikungofuna mpikisano umene munthu wa ku Ndirande, wokhala ndi makina ndi antchito, akhoza kuulowa n'kupambana popanda kudziwana ndi wina m'kati.

Mwina mukudabwa kuti amisiri amenewa anachokera kuti. Bambo anga anali fitala pa fakitale ina ku Makata. Ndili mwana, m'mamawa njira zotsika ku Ndirande zinkadzaza anthu ngati mtsinje wosefukira, ena kwa David Whitehead kukapanga nsalu, ena ku Carlsberg imene inatsegulidwa mu 1968, ena ku mafakitale ena a m'mbali mwa mtsinje wa Mudi. Makampani a boma atayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1990, kaunjika ndi katundu wakunja n'kusefukira, ntchito zambiri za m'mafakitale zinatha. David Whitehead yeniyeniyo inagulitsidwa mu 2003. Koma amisiri aja luso lawo sanalisiye pageti, anabwera nalo m'makomboni. Bambo anagula lathe yakale pa okushoni ndi ndalama yawo yopumira ntchito, anaikokera kuseri kwa nyumba ndi anthu 8 ndi mapaipi ogubuduzira. Lathe imeneyo ndi yaikulu kwa ine, ndipo ikusemabe. Yendani mu Ndirande, Mbayani, Bangwe, Zingwangwa, Chirimba, mumve kulira kwa nyundo. Kuli okhoma ndowa ndi mbaula, opanga mafelemu a zitseko ndi mawindo, mawilibala, ngolo, makina opukusira chimanga, makina oumbira mabuloko a simenti. Mumzinda wa anthu 800,000, malinga ndi kalembera wa 2018, mnyamata amene walephera kupitiriza sukulu akafuna luso la manja, khomo loyamba limene amagogoda ndi lathu.

Koma tikugwirira ntchito kuseri kwa nyumba zogona. Girayinda ikalira, oyandikana nafe amadandaula, ndipo sakulakwa, pali odwala, pali ana owerenga. Thiransifoma ya m'dera lokhala anthu sinapangidwire makina owotcherera 6 nthawi imodzi, tikayatsa mababu a anzathu amaphethira. Lole yobweretsa chitsulo sifika pakhomo, timachita kusenza pamapewa kuchokera kumsewu. Makata, Ginnery Corner, Chirimba ndi Maone anapimidwa poganizira makampani akuluakulu, ndipo lendi ya kumeneko si ya munthu ngati ine. Nyumba zina zimene kale munkalira makina, lero ndi mosungira katundu wochokera kunja.

Tamva za malo atsopano a mafakitale ku Chigumula ndi ku Matindi. A Nduna a Zamalonda, a Mfumu ya Mzinda, kodi m'mapulani amenewo muli malo a munthu wa antchito 14? Ine sindikufuna maekala. Ndikufuna shedi ya mamita 10 kwa 20, pansi pa simenti, magetsi a three-phase, msewu wolowa lole, chimbudzi ndi mpopi, lendi yoti ndikhoza kulipira, ndi pepala loti sindidzachotsedwa mawa wina akabwera ndi ndalama zambiri. Mutamanga mashedi otero pamzere, ndi thiransifoma yawoyawo, n'kuikapo makina awiri kapena atatu odula amene palibe mmodzi wa ife angagule payekha, monga odulira ndi opindira malata okhuthala, tizilipira pa ola, mungadabwe ndi zimene zingatuluke m'menemo. Malowo asakhalenso kutali kwambiri ndi kumene antchito amakhala, chifukwa ambiri amayenda wapansi.

Nkhani ya malo ndi nkhani ya magetsi yomwe. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Makampani akuluakulu anayatsa majenereta. Ife tinasanduka akadzidzi. Anyamata ankagona pa makatoni mu wokishopu, nsapato ali chivalire, magetsi akangoti ngwee pakati pa usiku timadzambatuka n'kuyatsa lathe mpaka mbandakucha. Tsiku lina anathima mota ili mu uvuni, vanishi asanaume, tinachita kumalizitsa ndi mbaula zitatu za makala titazungulira ndi malata. Tikanakhala pamalo amodzi, pa laini imodzi ya mafakitale, kukanakhala kosavuta kutipatula pa ndandanda wa kuthimathima. Pakali pano laini yathu ndi yomweyo ya mafiriji ndi mawailesi a m'nyumba, ikathima tathima nawo.

Ntchito yokha ilipo, yambirimbiri. Madzi ambiri amene mzinda uno umamwa amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire, kukwera mtunda wonsewo mpaka kuno, ndipo chokweza madziwo ndi mapampu ndi mamota. Mafakitale a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, shuga ku Nchalo, sitima za pamtunda ku Limbe, zipatala, mabekale, zigayo za m'midzi yonse ya m'chigawo chino, monsemo muli zitsulo zozungulira, ndipo chozungulira chilichonse chimatha. Shafti iliyonse yosemedwa kuno ndi dola imene sinatuluke m'dziko. Pa nthawi imene dola ya pamsika wakuda inaposa kuwirikiza kawiri mtengo wa ku banki, mameneja ena amene kale sankatiyang'ana n'komwe anayamba kutsika okha ku Ndirande, chitsulo chothyoka chili m'manja, kufunsa ngati tingapange chofanana nacho. Tinapanga. Ena mwa iwo akubwerabe mpaka lero.

Chiletso cha mu Malichi 2025 pa katundu wina wakunja, monga mipando ya matabwa ndi machesi, chinaonetsa kuti mukufuna tizipanga zathu. Koma wopanga akapita ku banki kukapempha madola oitanitsira waya wa kopa, amaima pamzere umodzi ndi woitanitsa mafoni ndi zovala, ndipo kawirikawiri amakhala kumbuyo kwake chifukwa akaunti yake ndi yaing'ono. Waya wa madola ochepa umaukitsa mota ya madola ambiri. Pogawa ndalama zakunja zochepazo, masamu amenewo aziwerengedwa.

Chaka chilichonse kumabwera ana kudzapempha malo a attachment, ena ochokera ku makoleji a TEVETA, ena ku MUBAS, imene mpaka 2021 tinkaidziwa kuti Polytechnic. Amabwera ndi masamu ambiri m'mutu, manja ali ofewa. Sabata yoyamba amathyola mipeni ya lathe, yachiwiri amaotcha ndodo paketi yonse osalumikiza kanthu. Timawapirira, chifukwa ifenso wina anatipirira. Mtengo wa zothyokazo ndi wathu. Sindikupempha kuti mundibwezere, koma pa tenda, wokishopu imene yaphunzitsa ana mpaka kupambana trade test iziwerengeredwa mapointi. Wa chikwama waphunzitsapo ndani?

Ndisadziyeretse ngati kuti kwathu kulibe zinyalala. Pakati pathu pali olandira dipoziti n'kukagula galimoto, kasitomala n'kumangouzidwa kuti mawa. Pali olola mwana kuwotcherera popanda magalasi, usiku maso ali psuu ngati wathiridwa mchenga. Pali olipira antchito mochepera pa malipiro amene boma linakhazikitsa, pali othira oyilo wakuda mu ngalande zotsikira ku Nasolo ndi Mudi. Inenso za penshoni ndinaziyamba mochedwa, ndipo ndimachita nazo manyazi. Otere alangeni, ndipo amene waononga ntchito ya boma mumutseke zaka zingapo, dzina lake lilembedwe poyera. A Malawi Bureau of Standards abwere ayeze madesiki athu ndi mabedi athu, pamtengo woti wamng'ono akhoza kukwanitsa. Kuyezedwa sitikuopa. Chimene chatitopetsa ndi kuweruzidwa ndi anthu amene sanapondepo pakhomo pathu.

Ndiye bwerani. Musatumize kalata yoti tikonzekere, tingasese n'kubisa zoona. Bwerani tsiku lililonse la pakati pa sabata, cha m'ma 10 koloko m'mawa, magetsi akakhala kuti alipo. Galimoto muisiye kumsewu waukulu, njira yathu ndi yokumbika. Mukafunse pamene amawayinda mamota, mwana aliyense akulozerani. Muvale nsapato zotseka, pansi pamakhala tizitsulo takuthwa. Pa shelefu ya kumanzere mukangolowa mudzapeza mapampu awiri a dipatimenti ina ya boma, okonzedwa kale, opakidwa penti wabuluu, atakutidwa ndi saka. Akhala pamenepo kuyambira mwezi watha. Amenewo satuluka mpaka ndalama italowa mu akaunti.

Ine wanu,

Mwini wokishopu ya zitsulo,
Ndirande, Blantyre.